Chitenge cha Mbali Imodzi

George Komboni, Lusaka
9 Juni 2024

Ba Webster,

Muli bwanji uko ku Walvis Bay? Ine nili chabe. Ba anti Emelda bali bwino, mwendo ndiye ubavuta.

Foni yanu siipita kuchokela mu Epulo. Ba Blackson, bamene bayendesa thilaki kubwela uko ku Namibia, bakamba ati mukankhala pa nyanja kulibe netiweki, so nalemba pa pepala, beve bazasiya pa shopu paja mumagulila sopo. Iyi ni kalata yanga yoyamba yamene si ya mayeso. Musaseke.

Niziba ba kampani banakuuzani kudala, koma nifuna nikuuzeni na ine. Ba mami banamwalila pa 28 Meyi kuseni, nili ku pompi kutapa manzi. Tinabashika pa Chisanu ku manda ya Chingwere. Bantu benze bambili. Ine sininalile maningi. Bazimai ba ku chechi benze kuniyangana, so ninaziphimba kumutu mpaka tinachoka.

Ba malume Bornwell babwelela ku Katete. Bakamba ati bazabwela futi pa 27 Julai kugaba katundu ya ba mami. Tikasiliza, lumu tizabweza kuli bene bake, ine nizayenda kunkhala ku Lilanda kuli ba anti. Mpaka siku ija kulibe wololedwa kuchosa olo sipuni. Vonse vili mwamene banavisiyila. Mafuta yao yozola yakali pa windo, yosavinikila.

Manje mvelani. Ku chechi ku Matero kuli senta ya achinyamata, ili na makompyuta sikisi na sola. Ba Inonge, bamene batipunzisa, banatilangiza pulogalamu yomangila vinthu. Mukati ni monga chalo. Unkhala na kamunthu kako, uyenda nako, ungangene mu nyumba yamene wina anamanga olo eve ali kutali. Chilichonse chiyambila ku bokosi. Waidonsa yankhala tebulo, waifinya yankhala chitseko. Banzanga bamanga manyumba ya masitepe na mamotoka pa geti. Ine nimanga lumu yathu.

Nimabweleka tepi ya ba mami yosokela, napima, nabweza mu kabati. Lumu ni mamita folo na hafu mu utali, yatatu mu ufupi. Nenze kuganiza ni ikulu kuchila apo. Bedi, kabati, mbaula, mupando wanu uja wothyoka kumbuyo, vonse nilemba ku last kwa buku ya Jogilafi.

Nachita so kuti ngati simuzakwanisa kufika pa 27, mukangene mu kompyuta muone mwamene mwenzelili. Koma ine nifuna mubwele imwe bene. Tasala babili chabe.

Mubwela liti?

Ine mufana wanu,
Mwiche

*

George Komboni
23 Juni 2024

Ba Webster,

Nikupasani moni futi. Ba Blackson babwela mailo, kulibe kalata yanu. Bakamba ati boti yanu ikalibe kufika, yanga ija ikali pa shopu. Iyi izapeza inzake.

Lumu yayamba kuoneka. Vipupa nasiliza, na malata, na pansi paja panang'ambika pafupi na chitseko. Kabati inanitengela masiku yatatu chifukwa chitseko chake chimapendama, manje kompyuta ifuna vinthu voongoka. Ba Inonge banaseka ati ndine woyamba kubafunsa mopendamikila chinthu dala.

Chamene chanikanga ni chitenge cha pa waya, chija cha buluu cha mawilo ya yelo, chamene chimagaba lumu pakati. Pulogalamu iyi siilola chinthu kupyapyala kuchila sentimita imodzi. Nilemba nambala ing'ono, yeve ibweza pa wanu. Nilemba futi, ibweza futi. Kalenda ya pa chipupa nailekelela, ioneka monga pulanga yodulilapo buledi koma kulibe kanthu. Kadi ya ba mami ya ku kiliniki nayo yanenepa. Koma chitenge cha sentimita imodzi si chitenge, ni pulanga. Nikaimika kamunthu kanga pakati pa lumu, nioneka monga nili mu ofesi.

Cynthia, munzanga wa pa kompyuta ya pafupi, akamba ati nani azaona, siya chabe. Ba mami banagona kuseli kwa chija miyezi itatu. Ine nenze kugona pansi mbali ino, kumvela mwamene bapumila. Bakatembenuka, chitenge chenze kugwedezeka pang'ono, naziba kuti bali maso. Pulanga siingachite ivo.

Pa Chitatu ninachita chinthu chamene mwina simuzakondwela. Kuti mawilo yaoneke bwino pafunika chithunzi, manje mukati muli mudima. Ninachosa chitenge pa waya, nachiyanika pa chingwe panja, nakopa na foni ya ba Inonge, nachibweza. Mamineti teni yenze yakalibe kukwana. Bamake Pumulo ba pa neba benze kusuka mbale, bananiona.

Chapyapyala maningi chija. Pa zuba nenze kuona dzanja yanga kuseli.

Kusukulu niyenda. Nidya. Musade nkhawa na ivo. Muniyankhe chabe za kubwela.

Mwiche

*

Lilanda
30 Juni 2024

Webster mwana wanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira kuti ntchito ikuyenda. Kuno tilipo, tikupirira.

Sindikanalemba, koma ndiwe wamkulu m'nyumba ya mkulu wanga, uyenera kudziwa. Mlongo wako wandidabwitsa. Tsiku loika maliro sanagwetse msozi woti munthu n'kuuona. Ndinati ndi mwana, zidzamupeza pambuyo. Tsopano mwezi watha, akaweruka kusukulu sabwera kunyumba, ali ku Matero pa masewera a kompyuta kufikira dzuwa litapendeka.

Chachikulu si chimenecho. Ndikapita kukagona naye ku George ndimamupeza ndi tepi, akupima katundu wa malemu. Bedi wapima, kabati wapima, ngakhale mapoto, n'kumalemba m'buku. Ndamufunsa, akuti "nimanga lumu." Amanga ndi chiyani? Anansi andiuza kuti anatulutsa nsalu ya pa waya, naiyanika panja n'kuijambula pa foni ya munthu wina. Iwe ukudziwa ana a masiku ano, chinthu akachijambula ndiye kuti achiika pa malonda. Nsalu imene mayi ako anafera kuseri kwake, isanagawidwe, amalume ako asanaikhudze, ili pa chingwe anthu onse akuona. Ndinachita manyazi kuyenda mu komboni.

Sindinamumenye. Ndi mwana wofatsa, ukamukalipira amangoyang'ana pansi, ndipo pamenepo ndi pamene pandiopsa. Amalume ako sindinawauze. Umulembere ndiwe, mwina adzakumvera.

Za iwe sindifunsa zambiri. Mayi ako sanandiuze zimene munakambirana usanapite, koma ndinaona kuti dzina lako likatchulidwa amatembenukira kukhoma. Pa 27 Julai uyesetse. Zovala za malemu atate ako zilinso momwemo, palibe wina woti azilandire.

Ndine mayi ako aang'ono,
Emelda

*

Walvis Bay
12 Julai 2024

Mwiche,

Uli bwanji. Boti yafika mailo. Makalata yonse yatatu nayapeza pamodzi, yako yabili na ya ba anti. Foni inangena manzi mu Epulo, sininagule ina.

Za ba mami bananiuza pa wailesi ya mu boti, tili pakati pa nyanja. Kapitao ananipasa hafu dei. Ninagona, nauka, nabwelela ku nsomba.

Niziba sugulisa katundu. Ba anti nizabalembela. Koma vamene uchita usiye. Usagwile vinthu va ba mami, usanyanyule bakulu, uzankhala pa nyumba yao. Lumu ya mu kompyuta ine siniifuna. Iliko kudala mu mutu mwanga, nifuna ichoke.

Wanifunsa kabili kuti nibwela liti. Sinibwela. Kontilakiti isila mu Ogasiti, banipasa ina ya chaka, nizasaina. Vovala va ba dadi bapase bamene bafuna.

Wakula, so nikuuze. Ba mami sibenze kufuna nibwele kuno. Benze kukamba ati munthu wosaziba kusambila afuna chani pa nyanja. Tinakangana sabata yonse. Pa last bananiuza ati ukayenda usanilaile, uyende chabe monga wakuba. Siku yonyamuka, mu Januwale muja, iwe unali ku pompi. Ninasegula chitseko, kunja kwayamba kuyela, naimilila na chola. Nenze kufuna kukamba "nayenda." Ninayangana chitenge chija nthawi itali. Kulibe chinagwedezeka. Benze gone. Ninavala chitseko, nayenda.

So beve banauka bapeza kulibe munthu. Banafa baziba kuti ninachoka monga wakuba, mwamene banakambila. Manje ufuna nibwele niyangane chani? Chitenge chamene ukamba, chinenepe olo chipyapyale, ine ninachiona bwino siku ija. Kuseli sikuoneka.

Uzilimbikila sukulu. Ba Blackson bakupasa nsapato, ngati ni zikulu uike pepala.

Webster

*

Lilanda
28 Julai 2024

Ba Webster,

Muli bwanji. Nsapato nalandila, zikomo, zakwana. Kalata yanu inafika pa 25. Naibelenga kambili.

Katundu banagaba mailo. Vinayenda bwino, kulibe anakangana. Bedi yayenda ku Katete pamwamba pa basi. Kabati batenga ba anti. Ine banipasa tepi na nsapato za ku chechi. Vovala va ba dadi vili mu chisaka kuno, ba malume bakana kuvipasa munthu. Pofika 14 awazi mu lumu munasala waya chabe. Bantu bena bazangenamo pa 1 Ogasiti.

Munakamba nisiye. Sininasiye, munikhululukile. Nifuna mubelenge mpaka pansi.

Sabata yatha ba Inonge bananipezela njila ya chitenge. Bokosi ili na mbali sikisi. Uchosa zisanu, usiya imodzi. Yamene yasala ilibe kunenepa olo pang'ono, ukaiyangana cha m'mbali siioneka. Ninaikapo chithunzi cha mawilo, naipinda pang'ono monga mwamene chimalendewela. Ninaimika kamunthu kanga pa chitseko. Chenze chitenge chathu. Cynthia anakamba ati manje ni nyumba ya bantu.

Pa Chisanu ninayendesa kamunthu kupita ku bedi, koyamba. Nenze kupewa kuja. Ninakatembenuza kuti kayangane ku chitseko, napeza chitenge kulibe. Waya ulipo, chitseko chioneka, mupando wanu uoneka, chitenge kulibe. Nabwelela mbali ino, chilipo. Ba Inonge bakamba ati ni mistek ya bonse boyamba. Mbali imodzi kompyuta iionesa kusogolo chabe, kumbuyo siiziba kuti kuli chinthu. Pafunika kupanga ina, uitembenuze, uzigumanize misana.

Nenze nabelenga kalata yanu siku yamene ija kuseni, futi. Ninankhala chabe niyangana chitseko kuchokela pa bedi mpaka banazimya makompyuta.

Usiku wamene uja tinagona ku George na ba anti, komaliza. Kuseni beve banauka 6 ikalibe kukwana, bayenda kutapa manzi. Ine ninachita chamene sichiloledwa. Ninangena kuseli, nagona pa bedi ya ba mami, mutu pa pilo yao. Chitenge chenze chabe buluu, mudima. Ndiye ba anti banabwela, basegula chitseko, kuwala kwangena kumbuyo kwao.

Ba Webster, ninabaona bonse. Duku, baketi kumanja, mwendo uja bamaupendamika. Banaika baketi pansi, bapukuta kumaso, bayangana ku chitenge. Benze kuniyangana pamene nili, koma sibananione. Banaitana ati Mwiche uli kuti. Munthu wa pa chitseko aona mawilo chabe. Wa pa bedi aona vonse.

Manje chamene sininakuuzeni, chifukwa nenze kuganiza munalailana. Siku munayenda, ninabwela ku pompi napeza ba mami bakali gone, maso yali pa malata. Ninabapangila tiyi. Banakamba ati, "Mukulu wako aimilila pa chitseko monga wogulisa mafuta ya mu mabotolo. Chola aika pansi, anyamula, aika pansi futi." Ninaseka. Beve sibanaseke. Banafunsa ngati munatenga sikafu, nakamba siniziba.

Chifukwa chake sibanakuitaneni siniziba. Siningakunamizeni ati banakamba vina, olo ati banalila. Tiyi sibanamwe, ni ivo chabe. Koma sibenze gone tulo.

Pa kapepala aka nalemba adilesi, zina na pasiwedi. Pa kafe iliyonse ya intaneti ingasegule. Muzayambila pa chitseko. Kufika ku bedi mupite kumanzele kwa waya, mutembenuke na mausi.

Mbali yachibili nikalibe kuika. Ba Inonge bakamba ati nikonze tikalibe kulangiza makolo vamene tamanga, chifukwa chioneka monga nchito yosasila. Muniuze imwe.

Chitenge cheni cheni chili na ba anti. Bakamba ati chasila, bazachidula vikolopo.

Sinizakufunsani futi za kubwela.

Mwiche

*

Walvis Bay
17 Ogasiti 2024

Mwiche,

Uli bwanji. Ba anti bali bwanji na mwendo.

Tafika pa Chinai. Kalata yako inankhala mu thumba masiku yabili. Lelo nayenda pa kafe ya pafupi na maketi. Mwine wake ndiye ananisegulila, ine vinthu ivi siniviziba. Anafunsa ati ni gemu ya bwanji yamene ilibe mfuti. Ninamuuza ni kwathu.

Mupando wanga waupanga bwino kuchila mwamene unalili. Chitseko cha kabati chipendamila kumanja, iwe wachipendamika kumanzele.

Ninaimilila pa chitseko nthawi itali. Pambuyo ninapita kumanzele kwa waya, natembenuka. Naona vamene ukamba. Ninankhala apo mpaka mwine kafe anabwela kunigwila pa phewa ati afuna kuvala kafe, ayende kudya.

Siku ija ya Januwale, chola ninaika pansi kabili. Sininauzeko munthu.

Siniziba ngati ivi vanipepusa olo vanilemesa. Ba mami benze kuniona, banangonisiya. Na ine nenze na kamwa. Naganiza, naganiza, kulibe chamene nimvela. Mwina chizabwela.

Mbali yachibili usaike. Ba Inonge ubauze ni mwine nyumba wakana.

Koma kompyuta siniikhulupilila kwambili, futi pa chitseko chako palibe munthu. Uuze ba anti basadule chitenge. Ubauze ni ine napempha, nizabagulila vikolopo va mu shopu. Upeze waya. Kwao ku Lilanda kuli chitseko choyangana kumene kuchokela zuba? Ngati kulibe, ufunse pa neba.

Pepala ya kontilakiti nabauza baniyembekeze. Ba Blackson bazanyamuka kuno pa 3 Sepitembala, banipasa malo kusogolo. Pa boda pakayenda bwino tifika pa 7.

Iwe uzaimilila pa chitseko na chola. Ine nizagona kuseli.

Webster